Phunziro la Mwezi Uno: Kudziteteza kwa Ng'ona, Mvuu ndi Njovu

Abale ndi alongo anga, asodzi ndi alimi a m'mbali mwa Shire, Malombe, Chilwa ndi Chiuta.

Alhamdulillah, Allah anatipatsa madzi ndi nthaka yabwino. M'madzimo timaphamo chambo, makumba, milamba ndi matemba, ndipo m'mbali mwake timalima mpunga, chimanga cha kudimba, mbatata ndi masamba. Koma madzi omwewo ndi mudzi wa ng'ona ndi mvuu, ndipo amene minda yawo ili pafupi ndi Paki ya Liwonde amadziwanso kuti njovu ndi mnansi wawo. Kusamuka sitingasamuke, pakuti chakudya chathu chili pomwepo. Chimene tingachite n'kuzidziwa bwino nyamazi. Phunziro lonseli lagona pa mfundo imodzi: kudziteteza kwenikweni kumachitika chilombo chisanakukhudze. Chikakugwira, zotsala n'zochepa kwambiri, ngakhale kuti nazonso tizikamba.

Achinyamata ena amaonera pafoni mavidiyo a ku America ndi Canada ophunzitsa za chimbalangondo, kuti mtundu wina ukakugwetsa uzigona chafufumimba n'kukhala ngati wafa. Malangizo amenewo ndi a nyama yawo ndi tchire lawo. Ukanamizira kufa m'kamwa mwa ng'ona, ng'onayo ingothokoza kuti ntchito yaichepera. Nyama iliyonse ili ndi khalidwe lake, choncho tiyeni tiphunzire zakwathu kuno.

1. Chifukwa chake tikukumana nazo kawirikawiri

Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anamanga mpanda wamagetsi, ndipo njovu zina anazisamutsa: mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete anazipititsa ku Nkhotakota, kenaka mu 2022 zina zoposa 250 anazipititsa ku Kasungu. Zimenezi zinachepetsako mavuto a kumunda. Komabe mpanda umatchinga pamtunda pokha. Mtsinje wa Shire ulibe chitseko. Ng'ona kapena mvuu ikafuna kukwera kulowera ku Malombe, kapena kutsika kulowera ku Liwonde ndi Utale, palibe woifunsa chiphaso.

Chachiwiri ndi madzi osefukira. Tinaona namondwe wa Ana mu Januwale 2022, wa Freddy mu Malichi 2023, ndiponso kukwera kwa nyanja mu 2024 pamene madzi analowa m'minda ndi m'makomo. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Madzi akasefukira, ng'ona imayenda nawo, ndipo akaphwera imatsalira m'thamanda, m'ngalande ya mpunga kapena m'kamtsinje kamene kale ana ankasambamo popanda vuto. Ndiye mawu akuti "muno simunakhalepo ng'ona chibadwire changa" asamatinamize. Dziwe lililonse limene linalumikizana ndi mtsinje waukulu nthawi ya mvula tiziliyesa kuti muli ng'ona.

Chachitatu ndi ifeyo. Tachulukana, minda tafika nayo m'mabango enieni, nsomba zachepa, ndiye msodzi akukhalitsa pamadzi usiku kuposa kale.

2. Tawakkul si kutsinzina

Pali mawu amene ndimawamva pa maliro ambiri: "Linali tsiku lake basi." N'zoona, palibe amene amafa nthawi yake isanakwane, ndipo timakhulupirira qadar ya Allah. Koma mawu amenewa ndi otonthozera ofedwa. Si chilolezo choti mawa titumenso mwana wina kukatunga madzi pamalo pomwepo, nthawi yomweyo.

Mu Surat Al-Baqarah, ndime 195, Allah akutiletsa kudziika dala pamalo poonongeka. M'hadith imene anailandira Imam Tirmidhi, munthu wina anafunsa Mtumiki, swalla Allahu alaihi wasallam, ngati ayenera kumanga ngamira yake kapena kungoisiya n'kudalira Allah. Mtumiki anamulamula kuchita zonse ziwiri, kumanga koyamba kenako kudalira. Nayenso Sayyidina Umar, Allah asangalale naye, ali pa ulendo wa ku Sham anamva kuti kumeneko kwagwa mliri, ndipo anabwerera ndi anthu ake. Ena atadabwa ngati akuthawa qadar, iye anawaonetsa kuti kubwererako nakonso ndi qadar ya Allah. Choncho mlongo amene wakana kukachapa kudooko kutada sanachepe iman. Wamanga ngamira yake.

Chinanso ndi nkhani ya "ng'ona yotumidwa". Munthu akagwidwa, m'mudzi mumabuka manong'onong'o akuti agogo akutiakuti ndiwo aituma. Abale anga, kunamizira munthu popanda umboni ndi tchimo lalikulu, ndipo kwasowetsa mtendere okalamba ambiri osalakwa. Kuonjezera apo, tikatanganidwa ndi kusaka mfiti, ng'ona yeniyeni ija imatsala padooko pomwe paja ikudikira wina. Chimodzimodzi zithumwa zomanga m'chiuno kapena pabwato. Kuika chidaliro pa chithumwa n'koopsa pa chikhulupiriro chathu, komanso chimamupatsa msodzi kulimba mtima kwabodza, n'kumalowa pamene akanaopa.

3. Ng'ona: imawerenga chizolowezi chako

Ng'ona yaikulu imatha kupitirira mamita anayi. Pamtunda siichedwa kutopa, koma pamphepete pa madzi imatumpha mofulumira kuposa mmene munthu angadzidzimukire. Maso ndi mphuno zake zili pamwamba pa mutu, kotero imatha kukuyang'ana thupi lonse lili m'madzi. Imathanso kukhala pansi nthawi yaitali osapuma. Madzi ofika m'mawondo ndi okwanira kuibisa, makamaka akakhala amatope kapena pali namasupuni.

Chofunika kwambiri kudziwa n'chakuti ng'ona ndi yodekha. Imaonerera kwa masiku angapo. Ikaona kuti pamwala wakutiwakuti pamabwera munthu m'bandakucha uliwonse n'kuwerama, tsiku lina imadzadikira pomwepo. Imasaka kwambiri usiku, m'bandakucha ndi chisisira, ndipo imachangamuka nyengo yotentha ndi yamvula kuposa miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Yaikazi imaikira mazira mumchenga nthawi yachilimwe n'kumawalondera pafupifupi miyezi itatu mpaka aswe chakumayambiriro kwa dzinja. Mukaona tiana ta ng'ona kapena kumva kulira kwake, chokanipo, mayi wake ali pafupi.

Tsopano taganizirani nthawi zathu za Swala. Fajir ndi m'bandakucha, Maghrib ndi chisisira, Isha ndi usiku. Munthu wochita wudhu pamtsinje amanjuta pamphepete, manja m'madzi, mutu wawerama, maganizo ali pa ibada. Kwa ng'ona, ameneyo sasiyana ndi mbuzi imene ikumwa madzi. Choncho malangizo anga ndi awa. Madzi a wudhu ndi osamba janaba tizitungiratu masana, tisunge m'ndowa kapena m'chigubu kunyumba, kumunda ndi kumsasa wa asodzi. Ngati mwatunga pamtsinje, chokani nawo mapazi khumi kapena kuposa, mukachitire wudhu kumtunda nkhope itayang'ana kumadzi. Musatembenukire madzi msana.

Nanga ngati nthawi ya Swala yakwana, madzi osunga mulibe, ndipo madzi okhawo ali pamalo pamene mukudziwa kuti pali ng'ona kapena mvuu? Chipembedzo chathu sichinatisiye pamenepo. Tayammum yatchulidwa mu Surat Al-Ma'idah ndime 6, ndipo maulama a fiqh, kuphatikizapo a madhhab a Imam Shafi'i amene ambiri kuno timatsata, anafotokoza kuti munthu amene akuopa chilombo pakati pa iye ndi madzi ali ngati amene alibe madzi. Achite niya, amenye manja pa dothi loyera lafumbi n'kupaka kumaso, amenyenso kachiwiri n'kupaka mikono mpaka m'zigongono, aswali. Ichi ndi chifundo cha Allah. Koma chisakhale chobisalirapo ulesi kwa amene mjigo uli pafupi kapena akanatha kutungiratu.

Kwa amayi ndi atsikana: kuchapa, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana kuzichitikira kumtunda, madzi mutatunga. Potunga gwiritsani ndowa yomanga chingwe kapena yokoleka kunsungwi yaitali, mutaima patali. Musapite nokha, ndipo wina aziyang'ana madzi pamene mnzake akutunga. Musamatunge pamalo amodzimodzi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. M'mwezi wa Ramadhan, madzi a futari ndi a daku atungidwe dzuwa lili pamutu, osati kuthamangitsa mtsikana kudooko dzuwa likulowa.

Mudzi umene ulibe mjigo ungathe kumanga khola la m'madzi: mitengo yolimba kapena nsungwi zokhoma mothithikana, kuyambira kumtunda kuzungulira m'madzi osaya n'kubwereranso kumtunda, ndi khomo lotseka chakumtunda. Koma likhale ndi munthu woliyang'anira. Khola lothyoka ndi loipa kuposa kusakhala nalo, chifukwa anthu amalowamo mtima uli m'malo. Madzi akakwera kapena kukagwa mvula yamphamvu, liyenderedwe kaye wina asanalowemo. Mabango ndi namasupuni za padooko zizichotsedwa kuti madzi azioneka.

Tisamaidyetsenso ng'ona padooko pathu. Matumbo a nsomba, nkhuku yakufa, magazi ndi zam'kati za mbuzi, zonsezi zikamatayidwa pamalo amodzi, ng'ona imaphunzira kuti pamene pali anthu pali chakudya. Pa Eid ya Qurbani makamaka, matumbo azitsukidwa kunyumba ndipo zotsala zikwiriridwe. Ziweto zizimwera pamalo ena, kutali ndi potunga anthu, kapena m'chomwera chothiramo madzi.

Kwa asodzi: nsomba yogwidwa m'matchera kapena m'mono imaphiriphitha, ndipo ng'ona imamva. Nthawi zambiri imafika pa ukonde wanu inu musanafike. Ukonde ukalemera modabwitsa kapena ukakodwa pansi, musalowetse mkono mpaka paphewa, ndipo musatumize mnyamata kuti amire akaone. Kokani ndi ndodo yangowe. Ukakanika, dulani. Ukonde umagulidwanso kumsika, mkono sugulidwa. Eni zida amene amalemba anyamata omira pansi pokoka nkacha ku Malombe akumbukire kuti adzafunsidwa za moyo wa anyamatawo. M'bwato musalendeweretse mwendo kapena dzanja m'madzi, musamangirire nsomba m'chiuno poyenda m'madzi, ndipo musagone pamchenga pafupi ndi madzi. Usiku unikani tochi musanatsike: maso a ng'ona amawala mofiirira. Koma kusaona maso si umboni woti palibe.

Ikakugwira, Allah atiteteze, apa palibenso kudekha. Ng'ona imafuna kukukokera kwakuya n'kukumiza, ndipo imadzigubuduza kuti ithyole chimene yagwira. Kuyesa kukanula kamwa lake ndi manja n'kutaya mphamvu. Malo ake ofewa ndi maso, mphuno ndi kukhosi. Tosa maso ndi chala chachikulu, mpeni, nkhafi kapena chilichonse chili m'manja, mobwerezabwereza osaleka. Ngati mkono uli kale m'kamwa, ukankhire kukhosi kwenikweni: kumeneko kuli kachikopa kamene kamatseka kuti madzi asalowe, ndipo kakakankhidwa ng'ona imatha kulavula. Ikayamba kugubuduka, gubuduka nayo mbali yomweyo kuti chiwalo chisaduke. Kuwa mwamphamvu. Ikangotaya, tuluka m'madzi nthawi yomweyo n'kuthamangira kumtunda molunjika, chifukwa imabwereranso. Amene muli pamtunda, menyani mutu wake ndi nkhafi, mpini kapena mtengo, ndipo mugwireni mnzanuyo mwamphamvu, koma musadumphire kwakuya. Sindikunena kuti njira izi zimapulumutsa nthawi zonse. Ndikunena kuti amene anapulumuka ambiri ndi amene anamenya, ndiponso amene sanali okha.

4. Mvuu: musaitsekere njira

Mvuu sidya munthu, imadya udzu. Koma ndi yaukali, imalemera makilogalamu oposa 1,000, ndipo mano ake amaswa bwato. Mu Meyi 2023 ku Nsanje, mvuu inagubuduza bwato limene linanyamula anthu oposa 30 akuoloka Shire. Mwana wa chaka chimodzi anamwalira ndipo anthu oposa 20 anasowa m'madzi. Ngozi imeneyo ikutiphunzitsa kuti mvuu ikagunda bwato lodzaza, amene amapha anthu ambiri ndi madzi. Eni mabwato oolotsa asamadzaze mopitirira chifukwa cha ndalama, ndipo majekete oyandamitsa, pamene alipo, azivalidwa, osati kukhalira.

Masana mvuu imakhala m'madzi, usiku imatuluka kukadya, ndipo imatha kuyenda makilomita angapo. M'bandakucha imabwerera podzera njira yake yomwe ija. Njira ya mvuu ndi yosavuta kuidziwa: ndi yopondeka bwino, ili ngati tinjira tiwiri toyandikana, ndipo m'mbali mumakhala ndowe zomwazika. Mvuu ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, ndipo chilichonse chili pakati imachiponda kapena kuchiluma. Lamulo lake ndi limeneli basi: musakhale pakati pa mvuu ndi madzi. Amene mumalawirira kudimba mukangoswali Fajir, dikirani kuyere. Chilindo musamange panjira yake.

Musanyengeke ndi kunenepa kwake. Pamtunda imathamanga pafupifupi makilomita 30 pa ola, kuposa ambiri a ife. Ikakulondolani, musapikisane nayo pabwalo. Pezani mtengo waukulu, chulu kapena mwala, muzungulire kuseri kapena mukwere. Thawirani cham'mbali, kuisiyira njira ya kumadzi.

Pamadzi, mvuu ikayasamula kukamwa, si tulo ayi, ikukuonetsani mano kuti muchoke. Ikamafwenthera, kugwedeza mutu, kapena kumira ikuyang'ana kwa inu, patukani msanga. Yoopsa kwambiri ndi yaikazi ya mwana ndi yamphongo yokhala yokha, makamaka ya zilonda. Nthawi yachilimwe madzi akachepa zimapanikizana m'maiwe ochepa ndipo ukali umachuluka. Podutsa pamalo pamene mukudziwa kuti pamakhala mvuu, gogodani bwato ndi nkhafi kuti zidziwe pamene muli n'kuvuuka muzione. Mvuu yoopsedwa imathawira kwakuya, ndiye inu dutsani mbali yosaya, musaidule njira. Bwato likagubuduzika, musalimbane ndi kupulumutsa ukonde, njinga kapena thumba la mpunga. Thandizani ana, sambirani kuchoka pamene pali mvuu, kulowera kumtunda wapafupi motsatira madzi.

Poteteza mpunga ndi chimanga cha kudimba, kumbukirani kuti mvuu ili ndi miyendo yaifupi ndipo siidumpha. Ngalande yakuya ya m'mbali zoongoka, kapena mpanda wa mitengo yolimba, zimaibweza. Ntchito imeneyi imatheka alimi oyandikana akagwirizana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Siyaninso kamzere ka udzu m'mbali mwa mtsinje osalima. Mvuu ikapeza msipu pafupi ndi madzi, ulendo wa kumunda kwanu umachepa, ndiponso gombe siligumuka.

Mawu amodzi pa nyama ya mvuu yopezeka itafa. Chakumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zinafa mu Shire cha ku Liwonde ndi matenda a anthrax, ndipo boma linaletsa anthu kudya kapena kugwira nyamayo. Matendawa amapatsira munthu posenda, ponyamula ndi podya. Mukaona mvuu yakufa ikuyandama, musaikokere kumtunda. Uzani amfumu ndi a zanyama.

5. Njovu: mphepo, mtunda ndi kudekha

Abale a kwa Kalembo, Amidu, Sitola, Liwonde ndi Nsanama amene ali m'mbali mwa paki amaidziwa njovu. Imatuluka makamaka chimanga chikakhwima, nthawi ya maungu ndiponso mango akapsa. Maso ake saona patali, koma mphuno ndi makutu n'zakuthwa. Mukaiona, choyamba onani kumene mphepo ikupita: tolani fumbi muliwaze. Khalani mbali imene mphepo ikuchokera kwa njovu kubwera kwa inu, kuti fungo lanu lisaifike. Bwererani pang'onopang'ono, osakuwa, osathamanga.

Njovu imachenjeza. Ikatambasula makutu, kutukula mutu, kulira ndi kuponda fumbi, nthawi zambiri ikufuna kuti muchoke, ndipo mukabwerera modekha imaima. Koma ikapinda makutu kumbuyo, kutsitsa mutu, kupinda chitamba n'kubwera mwakachetechete, imeneyo yatsimikiza. Pamenepo thawirani kuseri kwa chinthu chachikulu: mlambe, chulu, mwala, kapena tsikirani m'chigwembe. Kamtengo kakang'ono musakwere, imakagwetsa. Tayani chipewa, shati kapena katundu mbali ina, mwina ingatanganidwe nazo inu n'kupeza mpata. Yaikazi ya mwana musaiyandikire n'komwe. Yamphongo imene ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, ndipo mkodzo ukungodontha m'miyendo, ili pa nyengo yake yaukali. Imeneyo ngakhale a Gemu amaipatsa ulemu.

Ngozi zambiri za njovu zimachitika chifukwa cha chigulu. Njovu ikalowa m'mudzi, anthu amakhamukira kukaonerera, ana patsogolo, ena akujambula pafoni, ena akugenda. Njovu yozunguliridwa imasowa potulukira, ndiye imadzipangira njira pakati pa anthu. Makolo, tsekerani ana m'nyumba. Aphunzitsi a madrasa ndi a sukulu, musawatulutse ana mpaka uthenga utabwera kuti yapita. Agalu amangidwe, chifukwa galu amaiputa njovu kenako n'kuthawira kwa mbuye wake, njovu ili pambuyo. Imbirani a paki nthawi yomweyo.

Kumunda, kulondera kukhale kwa gulu, ndi matochi owala kwambiri, zitini ndi moto, mutaima patali ndiponso mutaisiyira njira yobwerera kupaki. Tsabola amathandiza: ena amasakaniza tsabola wouma wosinja ndi ndowe, kuumba ngati njerwa, kuumitsa, n'kumafukiza usiku kumbali kumene mphepo ikuchokera. Ena amapaka tsabola wosakaniza ndi oilo wakutha pa zingwe ndi nsanza kuzungulira munda. Njovu imaopanso njuchi, ndipo ming'oma yolumikizidwa ndi waya m'malire a munda imaibweza, uchi n'kukhala phindu lapadera. Koma njovu ndi yanzeru, imazolowera. Muzisinthasintha njirazi.

Ndipo ndinene mosabisa: amene amadula waya wa mpanda kuti akatchere misampha kapena kukatola nkhuni ndiye amatsegulira njovu khomo lolowera m'munda wa mnansi wake. Munthu akafa chifukwa cha bowo limenelo, wodulayo ali ndi gawo lake pamaso pa Allah. Pamaso pa boma naponso, lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limafika zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu. Kuthira poizoni m'madzi kuti muphe ng'ona n'kuphanso nsomba zimene ana anu adye mawa.

6. Kuthandiza wovulala

Mphindi zoyamba n'zofunika. Mchotseni kaye pafupi ndi madzi. Tsindikani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, chitenje kapena shati, osatukulatukula kuti muone. Ikanyowa, onjezani ina pamwamba. Ngati magazi akuthovoka pamkono kapena pamwendo ndipo sakuleka, mangani mwamphamvu ndi nsalu yotambalala chakumtunda kwa bala, ndipo kumbukirani nthawi imene mwamanga kuti mukawauze achipatala. Fupa likathyoka, limangirireni ku thabwa kapena nsungwi. Mfunditseni kuti asazizidwe.

M'kamwa mwa ng'ona ndi mvuu muli tizilombo tambiri. Bala looneka laling'ono limatha kukhala lakuya n'kuyamba kuola pakatha masiku awiri. Ngati magazi sakutuluka kwambiri, litsukeni ndi madzi aukhondo ambiri ndi sopo. Musathiremo dothi, phulusa, mafuta a galimoto kapena masamba otafuna. Duwa timuchitire tili m'njira, osati kumusunga kunyumba kudikira Shehe. Pitani naye kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, ndipo mabala aakulu amafunika chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, kumene angamutumizenso ku Zomba. Kumeneko akalandira mankhwala opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata.

7. Ntchito ya mzikiti ndi mudzi

Munthu akatengedwa ndi ng'ona, nthawi zina thupi silipezeka. Banja limasowa womusambitsa, womuveka sanda ndi manda oti liziwaona. Mayi amatsala osadziwa kuti eda ayambe liti, ndipo nkhani zotere zimafunika mashehe odziwa kuti aziunike bwino. Ana amasiya sukulu chifukwa bwato latha ndipo wopalasa palibe. Tikaganizira zonsezi, tiona kuti kupewa ndi sadaka yaikulu kuposa chopereka cha pamaliro.

Choncho ndikupempha komiti ya mzikiti uliwonse wa m'mbali mwa madzi kuti ichite zinthu zinayi. Choyamba, pamzikiti pazikhala mgolo kapena ndowa za madzi a wudhu zodzazidwa masana. Chachiwiri, likatha pemphero la Jumu'ah pazilengezedwa malo amene kwaoneka ng'ona, mvuu kapena njovu sabata imeneyo. Chachitatu, manambala a foni a amfumu, a komiti ya padooko ya BVC, a paki, ndi a mwini njinga yamoto wodalirika alembedwe pakhoma. Chachinayi, tigwirizane ndi anansi athu achikhristu pokonza mjigo wowonongeka ndi pomanga khola la m'madzi, chifukwa ng'ona sifunsa kuti uyu amapemphera kuti. Mjigo ukafa, amayi amabwerera kumtsinje. Ndalama yogulira chitsulo cha mjigo ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa maliro.

Nyama ikayamba kuvuta pamalo amodzi, kugwira mbuzi kapena kulondola mabwato, musadikire kuti igwire munthu. Kanenani kwa amfumu ndi kwa a zanyama, ndipo dooko limenelo liyambe latsekedwa.

Mafunso okambirana pabanja ndi kumadrasa

1. Kodi m'banja mwathu ndani amapita kumadzi kusanache kapena kutada, ndipo tingasinthe bwanji nthawi imeneyo?
2. Ndi maiwe ati m'dera lathu amene analumikizana ndi mtsinje waukulu dzinja lapitali?
3. Kodi njira za mvuu zili pati pakati pa nyumba yathu ndi dimba lathu?
4. Ndi nthawi iti imene munthu amaloledwa kuchita tayammum madzi akuwaona?
5. Njovu ikalowa m'mudzi ana ali kumadrasa, mwalimu achite chiyani?

Amene mumatha kuwerenga, awerengereni agogo ndi ana phunziroli madzulo ano, ndipo pamene Chichewa chikuvuta, amasulireni m'Chiyao kapena m'Chilomwe. Tikupempha Allah awachitire chifundo abale athu amene anatsikira m'madzi osabwerera, awapatse kupirira amasiye awo, achize ovulala, ndipo atisunge ife ndi ana athu pamadzi ndi pamtunda. Ameen.